Chinangwa cha M'mbali mwa Njanji

Rugare, Salisbury
12 Sepitembala 1976

Okondedwa achemwali Effie,

Ndine mlongo wanu Yosiya, wa ku njanji. Moni kwa inu, alamu ndi ana onse kumeneko ku Benga. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndikudziwa kuti papita zaka zitatu osakulemberani. Mundikalipire pambuyo, poyamba mumve nkhani yanga.

Nkhani ndi ya mwana wanga Rebeka. Tsopano ali ndi zaka 19, amasoka zovala ku fakitale. Kuno nkhondo yayandikira ndipo ana akusowa. Mwana amachoka m'mawa ngati akupita kuntchito, osabweranso. Kumene amapita sindingalembe chifukwa makalata amatsegulidwa panjira, koma inu ndinu aakulu. Atsikana awiri a m'kwaya ya Rebeka asowa mwezi wathawu. Lachiwiri kunabwera apolisi kudzamutenga kuti akamufunse mafunso, poti malemu amake, Isaura, anali a ku Tete. Anamusunga tsiku lonse. Kuyambira pamenepo galimoto ikangoima pamsewu ine ndimathamangira pazenera. Akachedwa pang'ono ndimakaima pokwerera basi ngati mlonda. Akandiona amati, "Baba, mukundichititsa manyazi."

Ndikudziwa kuti mwana ndi wa kwa amake. Koma kwa amake kulibenso mudzi, unatenthedwa, anthu anabalalika. Ndiye ndikupempha kuti mumulandire, akhale nanu mpaka zinthu zizizire. Msewu wa ku Tete anatseka, koma ndege ikuyendabe mpaka ku Chileka, ndipo ndidzamukweza. Ndi mwana waulemu, sadya kwambiri.

Mundiyankhe msanga. Musayambe mwafunsa anthu ambiri.

Ine mlongo wanu,
Yosiya


Benga, Nkhotakota
3 Novembala 1976

Yosiya,

Moni. Kuno tili bwino, alamu ako ndi mwendo womwe uja.

Unachoka kuno mu 1947 uli ndi zaka 17. Unati ubwera mvula ikatha. Mvula yatha kangati? Amayi anamwalira akuyang'ana kunjira. Lero ukundiuza kuti ndiyankhe msanga.

Mwanayo sindikumukana. Mbumba si yathu koma magazi ndi athu. Iwe ukuti sadya kwambiri. Ine funso langa ndi lakuti adzadya chiyani? Kuno si kwa chimanga. Kuno ndi kondowole, lero, mawa, chaka chonse. Chaka chatha mtchona wina ngati iwe anatumiza mwana wake wamkazi kwa a Laston, oyandikana nafe. Anangonunkhiza mbale n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Miyezi itatu akulirira buledi, anawonda ngati bango, mpaka anamubweza. Kufikira lero akazi kudambo amayimba dzina lake. Ine sindikufuna kuyimbidwa, ndiponso ndilibe mphamvu zophikira munthu wamkulu mphika wakewake.

Kuno mtsikana wa zaka 19 amadzikonzera yekha kondowole, kuyambira kumunda mpaka m'mbale. Wakoyo amadziwa? Undiuze zoona.

Effie


Rugare
9 Disembala 1976

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu yatenga mwezi wathunthu. Tsiku lililonse ndinkafunsa mtengamakalata mpaka anayamba kudzera msewu wina. Mawu a amayi aja andipweteka, koma ndawameza.

Za kondowole musadandaule n'komwe. Rebeka amadziwa zonse. Ndinamuphunzitsa ndekha ali wamng'ono. Amakonza woyera, wosalala, moti anthu amafunsa kuti mwana ameneyu anabadwira ku Nkhotakota kodi. Kungoti masiku ano chinangwa sichikupezeka ku Musika chitsekereni malire, ndiye sitikudya. Koma manja sayiwala.

Ndiye nkhani imeneyo yatha. Chatsala ndi choti munene kuti abwere. A Alufandika, mkulu wa mpingo wathu kuno, ali kwawo ku Dowa kumaliro, ndipo abwerera pandege mwezi wamawa. Ndawapempha kuti afike kwanuko. Muwapatse yankho pamanja, positi indipha ndi mtima.

Yosiya


Benga
7 Januwale 1977

Yosiya,

A Alufandika afika. Ndi munthu wabwino, kondowole anadya ngakhale ankameza ngati mankhwala.

Wati chinangwa kumeneko kulibe. Nayi mbewu, mitengo khumi ndi iwiri, ndaikulunga m'mkeka. Ndi chinangwa cha mtundu wa Gomani, cha m'munda wa amayi. Rebeka poti ndi katswiri adziwa yekha zimene Gomani amafuna, ine sindichita kumuuza. Udzale msanga mvula ikadalipo. Chikakhwima akonze ufa ndi manja ake, atsineko pang'ono aike mu envulopu. Lilime langa likavomera, abwere.

Usakwiye. Ndine ndinakubereka kumbuyo, ndipo ndikukumbukira kuti ukanama unkakometsera mopitirira.

Effie


Rugare
18 Julayi 1977

Achemwali,

Moni. Iyi ndi kalata yachitatu. Ziwiri zija simunayankhe, kapena zinathera m'manja mwa otsegula makalata, sindikudziwa.

Ine ndinapempha mawu amodzi, inu mwanditumizira nkhuni. A Alufandika anavutika nazo pabwalo la ndege, anachita kunena kuti ndi ndodo za akulu a mpingo. Atandipatsa ndinakhala pansi. Achemwali, chinangwa chimatenga chaka ndi miyezi! Nkhondo idikira chinangwa?

Komabe ndinadzala. Panyumba za njanji malo ndi ongokwanira chingwe choyanikira zovala, ndiye ndinalima kamzere kuseri, pafupi ndi waya wa njanji. Kuno kumazizira, si ngati kwathu. Mwezi wathawu chisanu chinapha mitengo iwiri. Yotsalayo ndimaifunditsa masaka ndi bulangete langa, ine n'kumagona ndi jasi. Oyandikana nane akundiseka. Mai Albert, mayi wa Chishona wa nyumba yotsatira, amafuula pawaya kuti, "Baba Rebeka, ana anu agona bwanji? Muwaveke ndi zipewa zomwe!" Amati ife a ku Nyasalande timapembedza mitengo. Ngakhale anzathu a kwathu omwe, a ku Dedza ndi ku Ntcheu, akuseka nawo. Iwo ndi anthu a chimanga, anafika kuno n'kupeza kuti sadza ndi nsima yawo yomwe ija. Wosowa chakudya cha kwawo ndine ndekha.

Mtsikana wachitatu wa m'kwaya wasowa. Uyu anali mnzake weniweni wa Rebeka. Rebeka sanalire, ndipo kusalirako n'kumene kukundiopsa. Ndikamufunsa amangoti, "Baba, pitani mukafunditse mitengo yanu." Dzana ndinapeza nsapato zake za tenesi atazichapa, ndinazibisa pansi pa bedi langa. Pambuyo pake ndinamva kuti ankafuna kukasewera mpira wamanja.

Simungamulole abwere tsopano, ufa udzatsatire?

Yosiya


Benga
30 Sepitembala 1977

Yosiya,

Moni. Makalata ako afika onse atatu tsiku limodzi, onse akulira chimodzimodzi.

Ayi. Ufa uyambe. Ndipo usakumbe chisanakhwime chifukwa cha mantha ako, udikire mvula yachiwiri ipite. Mubwezere mwana nsapato zake.

Effie


Rugare
21 Malichi 1978

Kwa Effie,

Moni sindipereka.

Ngati simunkamufuna mwana wanga mukanangonena. Ngati mumaopa kuti adzafuna munda wa amayi, mukanangonena, ife munda sitiufuna. Koma kutitumizira chiphe, achemwali, inu amene munandibereka kumbuyo?

Chaka ndi miyezi iwiri ndakhala ndikusamala mitengo yanu. Lachisanu ndinakumba isanu ndi umodzi. Chinabereka bwino, mizu ngati mkono wanga, ndinakondwa mpaka ndinaitana Mai Albert kuti adzaone. Rebeka anachita zonse monga amachitira nthawi zonse, ine nditaima pompo. Anasenda. Anasinja mumtondo wobwereka. Loweruka tinayanika padenga tsiku lonse. Lamulungu titachoka kutchalitchi anasefa, anatsina wanu wa mu envulopu, wotsalawo anaphika.

Atangolawa anati, "Baba, izi zikuwawa." Ine ndinati, "Idya, kumeneko ndiye kukoma kwa kwathu." Nanenso ndinamva kuwawa, koma ndinati mwina lilime langa lazolowera za kuno. Ndinamukakamiza mpaka anamaliza mbale.

Ola lisanathe nyumba inayamba kuzungulira. Mutu, kusanza, miyendo osagwira. Rebeka anagwa pakhomo. Mai Albert yemwe uja amandiseka ndiye anakuwa n'kuitana anthu, anatinyamula pa wilibala mpaka kukiliniki. Rebeka anagona kuchipatala masiku awiri. Namwino anati tinadya poizoni.

Ine ndinkamubisa kwa apolisi ndi kwa ankhondo akutchire, osadziwa kuti imfa idzachokera kwathu, itakulungidwa m'mkeka.

Envulopu yanu ndaitaya m'chimbudzi. Mitengo inayi yatsalayo ndiizula ndiitenthe. Musandilemberenso.

Yosiya


Benga
16 Epulo 1978

Yosiya, chitsiru cha amayi anga,

Moni ine ndipereka. Ndayamika Mulungu kuti mwanayo ali moyo. Nditawerenga ndinalira, kenako ndinakwiya, moti alamu ako anandilanda kalata kuopa kuti ndiidya.

Ndawerenga katatu kufunafuna mawu amodzi. Anasenda, anasinja, tinayanika. Nanga kuviika? Madzi ali kuti m'kalata yako? Unadya kondowole zaka 17 osadziwa kuti Gomani amayamba wagona m'madzi? Pamene amayi ndi ine tinkatsika kudambo ndi madengu pamutu, unkaganiza kuti tikukatani, kukasamba? Iwe unkangoona ufa uli pamphasa ndi mbale ili patsogolo pako. Mwamuna wa kwathu ndi choncho, amadziwa poyambira kudya basi. Ndiye n'kumalemba kuti ndinamuphunzitsa ndekha! Ndinakuuza kuti undiuze zoona. Ukanati sadziwa, ndikanalemba zonse ndi mbewu yomwe ija.

Ukuti chiphe. Inde ndi chiphe, n'chifukwa chake amayi ankachidzala. Nguluwe siichikumba, anyani sachigwira, wakuba amachisiya. Njala ya 1949, iwe uli ku Halale ukudya buledi, chimanga chinauma dziko lonse. Anthu a kumtunda ankatsika kudzagwada pakhomo pathu. Ndi Gomani ameneyu anatisunga. Amene ankaba n'kudya osaviika tinkawapeza atagona m'njira. Mbewu imene wafuna kutenthayo ndi yochokera m'munda womwewo.

Za munda wa amayi sindiyankha. Udzachita manyazi wekha.

Tsopano upereke kalatayi kwa mwiniwake. Iwe uchoke.

Rebeka mwana wanga, ndine azakhali ako. Pepa. Ngati abambo ako sanatenthe, kumba, usende, uike mumgolo, uthire madzi mpaka chimire. Uvundikire, usachigwire masiku anayi. Kukatuluka thovu ndi fungo usaope. Chikafewa ngati nthochi yakupsa uvuule, utsuke, uchotse ulusi wa pakati, usinje, uyanike mpaka chiume gwa. Usinjenso, usefe. Abambo ako asayandikire. Ukatero undilembere wekha.

Effie


Rugare
28 Meyi 1978

Azakhali,

Ndine Rebeka. Moni kwa inu ndi onse. Mundikhululukire Chichewa changa, ndimachiyankhula ndi Baba okha ndi kutchalitchi. Kwina konse ndi Chishona.

Choyamba, ine kondowole ndinali ndisanamuonepo. Chinangwa kuno amati mufarinya, ndinkangochidziwa chophika, cha tiyi. Sindinkadziwanso kuti Baba anakulemberani kuti ndine katswiri. Ndinamva powerenga kalata yanu. Ndinawafunsa, iwo n'kumayang'ana nsapato zawo.

Mitengo sanatenthe. Anapita ndi khasu ndi machesi, anakaima pamenepo nthawi yaitali, n'kubwerera. Akuti machesi anali onyowa.

Ndinachita monga munanenera. Mgolo ndinabwereka kwa a Alufandika. Tsiku lachitatu fungo linayamba. Azakhali, munati ndisaope, koma simunanene kuti lidzafika mpaka pokwerera basi! Wina mumzere wathu anakanena kuti tikutcheza kachasu. Kunabwera wapolisi ndi ndodo yake, anthu atadzaza pawaya. Baba anayamba kutulutsa mapepala awo onse, chitupa, kalata ya nyumba, ndi ya ubatizo yomwe. Wapolisi anavundukula mgolo, anaweramira, n'kudumpha chammbuyo. Anafunsa kuti mwafera chiyani umu. Ndinati ndi chakudya. Anati, "Inu a ku Nyasalande Mulungu akuthandizeni," n'kumapita atatseka mphuno ndi chipewa. Mai Albert anaseka mpaka anakhala pansi, koma pambuyo pake ndiwo anandithandiza kusinja.

Chimene ndikufuna kukuuzani ndi ichi. Tsiku lovuula, manja anga ali m'madzi onunkha aja, Baba anabwera ngakhale munawaletsa. Ndinati andikalipira za fungo. Koma anagwira dzanja langa n'kulinunkhiza. Kenako anati, "Amayi ankanunkhira chonchi. Ine ndinkayesa ndi fungo la thupi lawo." Anakakhala kuseri kwa nyumba, sanapite kuntchito tsiku limenelo.

Titaphika ndinayamba ndine kulawa, Mai Albert ali chire ndi wilibala pakhomo. Sichinawawe. Chimamata m'manja ndiponso chimakana kutsika, koma ndi matemba ndinamaliza. Baba anadya pang'onopang'ono akundiyang'ana m'maso ngati ndigwa.

Ndinene zoona, poti mumakonda zoona. Ine sindinkafuna kubwera. Kuno amanditcha mlendo ngakhale ndinabadwira ku Rugare, ndipo ndinkati kwanuko adzanditchanso wa ku Halale. Anzanga atapita, nanenso ndinaganizapo zowatsatira, kuti mwina ndikatero adzasiya kunditcha mlendo. Baba sanalakwe kubisa nsapato zija. Musawauze. Koma tsopano ndikufuna kuona dambo limene agogo ankaviikako.

Ufa uli m'kapepala ka siliva ka mu paketi ya fodya. Ngati otsegula makalata aulawa, shauri yawo.

Mwana wanu,
Rebeka


Benga
25 Juni 1978

Rebeka mwana wanga,

Moni. Ufa wafika. Ndinaitana akazi atatu a kudambo, omwe aja oyimba, kuti pasadzakhale wonena kuti ndakondera. Aliyense ananyambita chala chimodzi.

Unavuula msanga ndi tsiku limodzi. Kwanuko kukuzizira, ukanadikira tsiku lachisanu, koma kulakwa ndi kwanga, ndine ndinati anayi. Kusefa ukufulumira. Kupatula apo, ndi kondowole. Mkazi wa a Laston anafunsa kuti amene wakonza ndi wa mudzi uti. Ndinati wa pakhomo pano.

Bwera. Mphasa yako ndagula kale. Ubwere ndi juzi yochepa, kuno kulibe chisanu chofunditsa mitengo.

Abambo ako uwauze kuti kalata yawo ya chiphe ija ndaisunga m'Baibulo. Tsiku limene adzabwere adzaiwerenga mokweza pamanda a amayi, kenako adzasenda dengu lathunthu.

Azakhali ako,
Effie


Rugare
20 Ogasiti 1978

Achemwali,

Moni kwa inu ndi alamu. Za kalata ija ndachita manyazi monga munanenera. Tisaikambenso.

Rebeka ndamukweza Lachinayi. Ndinaima pawaya wa bwalo la ndege mpaka mlonda anandithamangitsa. Lero ndi Lamulungu ndipo sindinamve kanthu. Wafika? Basi ya ku Salima anaipeza? Ndinamulembera zonse papepala koma mwana ameneyu amataya mapepala. Akudya? Musamulole kupita yekha kudambo, sadziwa ng'ona, amangoziona m'mabuku. Udzudzu wa kwathu sunamulumepo, ndiye akangotentha thupi musadikire. Ndiponso anyamata a kumeneko muwauze kuti ali ndi bambo.

Kuno nyumba yakula. Mai Albert akuti tsopano ndipume, mwana ali kutali ndi nkhondo. Ndikupuma. Kungoti dzulo ndinapezeka ndaima pokwerera basi nthawi yoweruka ku fakitale.

Mitengo ya Gomani ndinaidula, ndaiimika pamthunzi kudikira mvula. Yakwana makumi awiri. Mai Albert apempha isanu, ndawauza kuti ndiwapatsa pokhapokha atalumbira za madzi. Mgolo ndagula wangawanga.

Tsono pali chimene chikundisowetsa mtendere. Kalata yanu yoyamba ya za kuviika inati masiku anayi. Yachiwiri ikuti asanu. Ine ndikhala ndekha pokumba chaka chamawa, ndipo wilibala ya Mai Albert inathyoka. Ndi anayi kapena asanu? Mulembe ndi nambala. Musangoti ukudziwa. Sindikudziwa.

Mlongo wanu,
Yosiya


Benga
10 Sepitembala 1978

Baba,

Ndinafika. Ndikudya. Ng'ona sindinaione. Manja anga akununkha ndipo sopo walephera.

Masiku ndi 5.

Azakhali akuti mukawerenga nokha mulakwitsa, mubwere mudzawerengere kuno.

Rebeka